Botolo Lokhalo Lomwe Linali ndi Dzina

Gulu lathu la pa Watsapu linali ndi dzina lolemera: Asayansi Osatseka Pakamwa. Munali anthu a m'malabu, alangizi a zaulimi, anamwino, ophunzira a kunja, ndi ife aphunzitsi a sayansi a m'masekondale a kumudzi, amene timaphunzitsa za asidi ndi choko chokha. Ine ndine Agnes, ndimaphunzitsa ku Nathenje, ndipo kwathu amati pakamwa panga anaiwala kuikapo chitseko. M'gulumo tinalimo ambiri, koma olankhula tinali ochepa. Enawo ankangowerenga phee, n'kumatulukira pa tsiku lobadwa la munthu.

Woyambitsa gulu anali a Dokotala Gilbert Chimbalanga, katswiri wa zakudya amene anapuma ntchito n'kukhazikika mu tauni. Munthu wabwino, ndisawanamizire. Ndi iwo anatitsegula maso kuti mtedza wogwidwa chuku umakhala ndi poizoni amene sapsa pamoto, saoneka ndi maso, koma amadya chiwindi pang'onopang'ono n'kupinimbiritsa ana. Ambiri m'gulumo anadutsa m'manja mwawo ku koleji. Iwo akalemba, pansi pa uthenga wawo pankagwa twazithunzi twa chala chachikulu, tija timatanthauza kuti ndavomera. Olo atangolemba kuti mwadzuka bwanji, zala zinkagwa mbwee.

Nthawi yokolola mtedza itakwana, tinagwirizana zoyeza chiponde chogulitsidwa m'misika ya kumwera kwa Lilongwe. Emmanuel, mnzathu wogwira ntchito mulabu ina mu tauni, anati aziyeza pa nthawi yake yopuma. Ine anandipatsa Mitundu, poti ndinaphunzitsako zaka zambiri asanandisamutse. Lamulo analemba a Dokotala okha: opanga chiponde tiwapemphe mwaulemu, ndipo dzina la munthu lisatuluke mpaka katundu wake atayezedwa kawiri.

Mwaulemu! Ndinazungulira msika wonse wa Mitundu, fumbi mpaka m'mano. Bambo wina anandifunsa ngati ndine wa khonsolo, uku akukankhira zidebe pansi pa tebulo ndi phazi. Mayi wina anandithira mawu oti sindingabwereze. Onse anakana. Ndinangogula timabotolo ngati kasitomala wamba, topanda chizindikiro chilichonse, n'kumatapo manambala. Ogulitsa enawo sankadziwa n'komwe amene anapera chiponde chomwe ankagulitsa.

Amene anavomera ndi mmodzi yekha, Safia, amake Najma. Nthawi imene ndinali ku Mitundu ndinkachita lendi kuseri kwa sitolo yawo, ndipo mwana wanga woyamba anamusambitsapo ndi iyeyo ine ndili gone ndi malungo. Amuna ake, a Abdulkarim, amagulitsa nsalu ndi ziwiya kutsogolo. Safia anali ndi chipinda chake kumbali, momwe ankakazinga mtedza n'kupera pa makina amene anagula ndi thukuta lake. Chiponde chake chinkafika m'magolosale a ku Diamphwe ndi ku Nkhoma, ndipo amayi ochokera kusikelo ankachigula kuti azithira m'phala la ana.

"Yezani ndithu, aphunzitsi," anatero nditamufotokozera. "Ana anga amadya chomwechi. Ngati muli choipa, ndidziwe."

A Abdulkarim anasuzumira pakhomo. "Amake Najma, anthu a mapepala ukawapatsa dzina sabweza."

"Si anthu a mapepala awa. Ndi aphunzitsi athu."

Ndinawauza lamulo lathu lija, ndipo ndinalinena ndi mtima wonse chifukwa ndinkalikhulupirira. Safia anatenga botolo pashelefu, lomata pepala la dzina lake ndi nambala ya foni, analipukuta ndi nsonga ya mpango n'kundipatsa.

Zotsatira zinabwera ndili mu ofesi ya aphunzitsi, ndikuchonga makope. Mabotolo onse anapyola mlingo wololedwa. A manambala aja anali oopsa, ena a iwo moti Emmanuel anaika kachithunzi ka munthu wagwira kumutu. La Safia ndi lomwe linali ndi poizoni wochepa pa onse, komabe nalo linapyola.

Woyamba kulankhula anali Temwani, namwino wa kuchipatala china chakumudzi. Anatumiza mawu ojambula, ndipo ankamveka kuti walira. Anati tsiku ndi tsiku amapachika pasikelo ana osakula, amayi awo akulumbira kuti amawathirira chiponde m'phala monga anauzidwira. Anati bambo ake anamwalira mimba itatupa, chiwindi chitatha, popanda wowachenjeza. "Tikudikira chiyani abale? Titulutse lero lomwe." Ine sindinamutsutse, chifukwa Temwani sankanama.

Kenako a Dokotala analemba kuti alankhula ndi mtolankhani wina, ndipo wawauza kuti nkhani ya mabotolo a manambala palibe angaiwerenge. Anthu amafuna kudziwa kuti asagule cha ndani. "Mwamwayi," analemba choncho, "botolo limodzi lili ndi dzina."

Mwamwayi! Ndinakankha makope n'kulemba.

"A Dokotala, botolo limenelo lili ndi dzina chifukwa mwini wake ndi yekhayo amene anatilandira. Ndi lomwenso lili ndi poizoni wochepa. Lamulo munalemba nokha lija likuti tiyeze kawiri."

"Madamu, lamulo lija tinaliika tisanaone manambala awa. Pano ana akudya."

"Akudya kwambiri cha m'mabotolo opanda dzina aja."

"Amenewo sitingawatchule. Titchula amene tingathe."

Apa panalowa Yankho, mnzathu wophunzira kunja, amene amalemba Chingerezi chotalika mpaka chala kutopa ndi kukoka. Mfundo yake inali yoti sayansi ilibe chibale. Anafunsa ngati n'zoona kuti ndinkachita lendi kwa mayiyu, n'kunena kuti gulu lidziwe zoti madamu akuikira kumbuyo landilodi wawo wakale. Asa! Ndinamuyankha kuti iye ali kumene chiponde chimafika chitayezedwa kale, ku Mitundu amakudziwira pamapu, ndipo mwala ukadzaponyedwa sudzafika kumene aliko. Ndinawonjeza mawu ena okhudza Chingerezi chakecho. A Dokotala analemba kuti tisunge ulemu, ndipo zala zinagwa pansi pa uthenga wawo.

Zomwe zinatsatira ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Foni inayamba kulira kumbali, kuinibokosi kwanga. Noah, mlangizi wa zaulimi: "Madamu mwalankhula. Limbikirani, tili pambuyo panu." Esnart, wa zamadzi: "Achemwali, ine ndikugwirizana nanu zedi, kungoti mukudziwa kale." Wina anatumiza kamtima. Wina anati akundipempherera. Ndinabwerera m'gulu n'kutsegula mayina a amene anaika zala pa uthenga wa a Dokotala. Onsewo analipo.

Emmanuel anachita kuimba.

"Achemwali, kachida ndinayezera kaja n'kongounikira. Botolo limodzi silinganene za katundu yense wa munthu. Pamafunika kutenga angapo n'kuyeza pa makina aakulu."

"Ndiye lemba zimenezo m'gulu. Unayeza ndiwe, akumvera."

"Aaa, achemwali. A Dokotala anandiphunzitsa, ndi omwenso akundiimira umboni kuti ndipite kusukulu. Ine ndiwatsutse pagulu? Anthu andiona bwanji?"

"Nanga Safia anthu amuona bwanji?"

Anati netiweki ikuvuta, n'kudula.

Kwathu kuno wamkulu sitimutsutsa pagulu. Timadikira msonkhano uthe, n'kumukokera pambali, n'kumunong'oneza kuti bwana, apa mwina tionenso. Umo ndi mmene tinaleredwera, ndipo pamtengo wa msonkhano zimayenda. Koma msonkhano wa pa foni sukutha. Wamkulu amakhala pomwepo tsiku lonse, akuona amene wawerenga ndi amene walemba. Ndiye anthu m'malo mokokera a Dokotala pambali, ankakokera ine.

Loweruka ndinakwera minibasi ziwiri, kusinthira pamphambano ya ku Bunda, kuti Safia amve kwa ine asanamve kwina. Ndinamupeza kuseri akupeta. Nditamuuza, anaika lichero pansi n'kukhala pathumba la mtedza. Za malonda sanafunse.

"Najma wakula ndi chiponde chimenechi. Wamng'onoyu ndinamuyamba nacho atangosiya bere. Aphunzitsi, ndawapha ana anga?"

Ndinamuuza kuti ayi, kuti poizoniyo amavulaza akachuluka nthawi yaitali, ndipo chofunika n'kusiya tsopano. Tinamasula matumba. Safia ankagula mtedza woswaswa kale kwa mavenda. Pamwamba unali wouma bwinobwino, koma nditalowetsa mkono pakati pa thumba, munali motentha ndi monyowa. Anthu amawaza madzi pamtedza kuti makoko afewe poswa, enanso kuti ulemere pasikelo. Safia ankasankha wakuda ndi wofwanyala n'kutaya, koma chuku chikagwira thumba, poizoni amabisalanso mu wooneka bwino.

Ndisanamalize kufotokoza, iye anali atayamba kale kuimbira magolosale kuti atsitse chiponde chake pashelefu. A Abdulkarim sananene kuti paja ndinanena. Anangotenga khasu n'kukumba dzenje kuseri kwa bafa. Tinakhuthuliramo mabotolo onse, ndi zidebe, ndi mtedza wa m'matumba, n'kuthira phulusa ndi palafini kuti wina asadzafukule. Fungo la chiponde linadzaza pabwalo ponse, moti ana a oyandikana nawo anabwera kudzaima kumpanda. Mtima unandiwawa, koma ndinanyadiranso kuti mnzanga ndi munthu wotere.

"Ndikujambuleni, amake Najma? Ndikaonetse anzanga aone mmene mulili."

"Jambulani."

Chithunzicho ndinachitumiza m'gulu ndili pomwepo: Safia ataima m'mphepete mwa dzenje, chidebe chili m'manja, mpango kumutu. Ndinalemba kuti munthu uyu wataya katundu wake yense lero, agula mtedza wa m'makoko, aumitsa yekha, asankha, ndipo chiponde chatsopanocho atipatsa tiyeze. Ndinapempha kuti tidikire.

A Dokotala anayankha kuti akuyamikira, koma mabotolo amene anagulidwa kale ali m'makabati a anthu, ndipo eni ake sakudziwa. Apo ananena zoona, ndipo ndinavomera. Ndinati Safia wavomera kumata chidziwitso pakhomo pake ndi m'magolosale, m'mawu ake, kuti anthu abweze mabotolo awasinthire. Ndinatinso ife titulutse zotsatira zonse popanda dzina, tichenjeze za chiponde chonse cha pamsika ndi khalidwe lowaza madzi pamtedza. Temwani anandifunsa kuti chenjezo lopanda nkhope analimverapo ndani, poti takhala tikuchenjeza zaka ndi zaka. Tinakokanakokana sabata yonse, anthu omwewo omwewo, enawo ali duu. Kuinibokosi kokha ndiye kunali msonkhano wodzaza, aliyense akundiuza kuti ndisafooke.

Safia anachita zomwe analonjeza. Anapera chiponde chatsopano n'kutumiza mabotolo angapo kwa Emmanuel pa minibasi. Emmanuel anati pa makina aakulu pali mzere, tidikire pang'ono. A Dokotala anati kudikira kwakwana, gulu livote.

Chisankho cha pa Watsapu chilibe chinsinsi. Aliyense amaona amene wadina uku ndi amene wadina uko. Ndinapempha kuti tivote mobisa, aliyense atumize yankho lake kwa munthu mmodzi amene tingamusankhe.

"Madamu," analemba a Dokotala, "gulu la Osatseka Pakamwa silingavote mobisa."

Anayamba kudina ndi iwo, kuti dzina lituluke. Ndinakhala pakhonde la kalasi ndikuonerera mayina akuwatsatira. Temwani ndi Yankho sindinadabwe nawo, iwo ankakhulupiriradi zimene ankanena. Koma kenako Noah. Kenako Esnart. Kenako wondipempherera uja. Emmanuel anachedwa, moti ndinayamba kumuganizira zabwino, koma dzuwa likupendeka naye anadina kwa a Dokotala. Mbali yokana ndinatsala ndekha. Ambiri sanavote n'komwe, ndipo Yankho analemba kuti wosavota wavomereza. Pasanapite nthawi Esnart analowa kuinibokosi: "Pepani achemwali, zavuta." Ndinamuuza kuti pepaniyo akathire m'phala.

Ndinaimbira Safia kumuuza kuti ndalephera. Iye anangoti, "Alembe zoona basi. Alembe kuti ndinataya."

Chikalata cha a Dokotala chinalembadi zoona. Chinati mwini chiponde anadzipereka yekha, anataya katundu, ndipo mabotolo ena anali oipa kuposa lake. Koma chinali cha m'Chingerezi, chachitali, ndipo Yankho anati anthu wamba sangachimalize. Anakonza kapositala kachidule: dzina la Safia m'zilembo zikuluzikulu, mawu oti POIZONI ofiira, ndi chithunzi changa chija cha padzenje. Zoti anadzipereka yekha anaziika pansi m'tizilembo ting'onoting'ono. Sanandipemphe chithunzicho. Anati chilichonse chotumizidwa m'gulu ndi cha gulu.

Tsiku lisanathe, wina kwinakwake anadula tizilembo tija n'kulemba zake: mayi wa ku Mitundu wagwidwa akukwirira chiponde cha poizoni. Mawa lake chinafika m'gulu la amayi a kumpingo kwathu ku Nathenje, chitaperekezedwa ndi mawu ojambula a bambo wina wosadziwika, amene ankalumbira kuti anaona ndi maso ake. Ankati mayiyu amathira mankhwala dala, kuti ana a anthu a chipembedzo china asadzabereke. Abale inu! Ndinayankha m'gulu lililonse limene ndinalimo kuti ndi bodza, chithunzicho ndinajambula ndine, ndinalipo. Mayi wina wa kumpingo anandifunsa kuti ngati ndinalipo, bwanji sindinakanene kupolisi. Ndinalemba mpaka bandulo inatha.

Tsiku lamsika ndili m'kalasi, anandiimbira Eneless, mphunzitsi mnzanga wa ku Mitundu. Anati anthu anayamba ndi kuima patali n'kumaloza, kenako mayi wina anabwera ndi botolo n'kuliphwanya pakhonde la sitolo, akulira kuti mwana wake wakhala akudwaladwala. Pamenepo miyala inayamba. Magalasi onse anasweka, nsalu zinatengedwa, ndipo a Abdulkarim mwala unawapeza pamphumi akuyesa kutseka chitseko. Safia anadzitsekera m'chipinda cha makina ndi ana mpaka apolisi atabalalitsa anthu ndi utsi wokhetsa misozi. Eneless anati utsi utatha msika unapitirira, ndipo timabotolo topanda dzina tija tinatha tonse, poti anthu ankati bola tomweti.

Ndinasiya ana a eni ake m'kalasi n'kukakhala kuseri kwa buloko la makalasi. Ndinaimbira Safia kangapo, osayankha. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

M'gulu muja a Dokotala analemba kuti akudzudzula chiwawa cha mtundu uliwonse. Zala zinagwa. Yankho analemba kuti izi zikuonetsa kufunika kophunzitsa anthu kuwerenga uthenga wonse. Temwani yekha ndi amene analemba ngati munthu: "Mulungu wanga, sindimafuna izi." Ine ndinasiya ulemu wonse.

"Inu nonse amene mwakhala mukundilembera kumbali kuti ndikunena zoona, tulukani. Lembani pano zimene munandiuza. Mutu wa munthu wang'ambika. Emmanuel, auze anthuwa za kachida kako. Tulukani, amantha inu!"

Ndinaona kuti awerenga, onse. Pamwamba panaoneka kuti Noah akulemba, kenako anasiya. Anayambanso, n'kusiyanso. Patapita kanthawi panatuluka chidziwitso choti a Dokotala atseka gulu, tsopano olemba ndi maadimini okha, oyang'anira gulu aja, kuti mitima ikhale pansi. Kuinibokosi nako tsiku limenelo kunali zii.

Zotsatira za kuyeza kwachiwiri zinatuluka patapita sabata zingapo. Emmanuel sanalembe, anaimba, mawu ali pansipansi ngati akulankhulira m'chimbudzi cha kuntchito. Mabotolo onse atsopano a Safia anali abwino, poizoni wosafika n'komwe pafupi ndi mlingo. Anati chiponde choyera chotero sanachiyezepo chichokereni kusukulu. Ndinamuuza kuti atumize kwa a Dokotala, poti ife ena pakamwa anatitseka.

Masana omwewo a Dokotala analemba m'gulu: "Uthenga wabwino, anzanga. Chiponde cha ku Mitundu chija tsopano ndi chabwino. Kulankhula kwathu kwabala zipatso." Zala, mitima, manja owomba. Chiponde chomwe chinaperedwa iwo asanavote n'komwe! Ndinawaimbira. Ndinali ndisanawaimbirepo chiyambire.

Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya. Atayankha, mawu awo anali a munthu wokalamba, osati a m'gulu aja. "Madamu, mukuganiza kuti ine ndikudya bwino masiku ano? Ndinkafuna ana. Ndiuzeni, pa anthu onse aja, chifukwa chiyani munatsutsa inu nokha? Pakanakhala awiri kapena atatu, Emmanuel akanangonena liwu limodzi, ndikanaima."

Ndinawauza kuti analipo ambiri, kungoti ankanena kwa ine.

Kenako anati atulutsa chikalata china choyeretsa dzina la mayiyo. Anachitulutsadi, m'Chichewa chomveka bwino. Ine ndinachitumiza kulikonse. M'gulu la kumpingo palibe anachiyankha, ndipo pansi pake wina anatumiza ndandanda ya osesa m'tchalitchi.

Loweruka lotsatira ndinapitanso ku Mitundu. Njira yonse ndinkakonza mawu, kuti ndikayamba bwanji, ndikamaliza bwanji. Sitolo ya a Abdulkarim inali yotsegula chitseko chimodzi, m'mawindo atakhomamo malata. Iwo anakhala mkati, chipsera chili pamphumi. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, n'kundilozera kumbali osandiyang'ana.

Chipinda cha makina chinali pululu. Safia anali panja, pamwamba pa makwerero amitengo, chitini cha laimu atachipachika pamsomali, bulashi ili m'manja. Pakhoma pamenepo panali mawu oti Chiponde cha Safia, olembedwa ndi penti wobiriwira. Mawu oti chiponde anali atawafuta kale. Tsopano anali atayamba dzina.

"Amake Najma."

"Aphunzitsi. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Makina ali kuti?"

"Achimwene anga a Hafizi anabwera kudzatenga, akagulitsira ku Diamphwe. Kuno palibe angawagule, akuti ali ndi mankhwala."

"Zotsatira zatuluka. Chiponde chanu chatsopano chija chilibe vuto. N'choyera kuposa china chilichonse chimene anayezapo. Analemba ndi chikalata chomwe, ndabwera nacho pa foni."

Bulashi inaima pang'ono. Laimu ankatsetsereka m'mkono mwake mpaka m'chigongono.

"Ndiye ana anga angadye?"

"Angadye."

"Chabwino. Mabotolo otsala tidya tokha."

Ndinayamba kulankhula mothamanga. Ndinati tikhoza kusindikiza chikalatacho n'kumata pamsika, tikhoza kupempha a kumzikiti ndi a kumipingo alengeze, ine ndikhoza kuima pakhonde pano tsiku lamsika n'kudya chipondecho ndi supuni anthu akuona. Ndinati makina asagulitsidwe, ndiimbira a Hafizi pompano. Safia ankandiyang'ana ali pamwambapo. Sanali wokwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya.

"Najma wasiya kupita kusukulu," anatero. "Akumuitana dzina langa, kenako n'kugwira pakhosi ngati akufa. Dzulo mwana wina wamng'ono, wosadziwa n'kuwerenga komwe, anaima apa n'kuloza khomali, n'kuthawa akukuwa. Bambo a Najmawa akufuna agulitseko nsalu, tidye. Dzinali likakhala pano, palibe alowe."

"Koma ndi dzina loyera, amake Najma. Umboni ulipo."

"Ndamva, aphunzitsi. Zikomo poyenda ulendo wonsewu."

Anaviika bulashi m'chitini n'kutambasula mkono kuti afikire chilembo chakumapeto. Makwerero anapendekera kumanzere, mwendo umodzi utalowa m'dothi.

"Tagwirani apa, ndingagwe."

Ndinaika foni m'chikwama n'kugwira makwerero ndi manja awiri. Laimu ankandidonthera kumutu ndi pamapewa. Penti wobiriwira uja anali wamphamvu, ankaonekerabe pansi pa laimu, moti Safia anabwereza chilembo chilichonse kawiri, ine ndili chigwirire.